Kudzikonzera thanki ya chimbudzi kuli ndi malire ake

Pa boma la Mwanza, monga zililinso m'matauni ambiri ang'onoang'ono a dziko lino, madzi a m'mipopi alipo, koma mapaipi a boma onyamula zonyansa za m'zimbudzi palibe. Bungwe la Southern Region Water Board limafikitsa madzi pakhomo, ndipo madziwo akagwira ntchito yake m'chimbudzi chogujumula, ulendo wake umathera pa puloti pomwepo, m'thanki ya simenti yokwiriridwa kuseri kwa nyumba. Tsiku limene thankiyo yang'aluka, yadzaza kapena yayamba kubweza madzi m'nyumba, woona chochita ndi mwini khomo. Nthawi zambiri amatola khasu ndi fosholo, n'kugula thumba la simenti, n'kuitana mnyamata waganyu.

Palibe chifukwa chomudzudzulira munthu wotere. Zambiri zimene zimaonongeka pa thanki yakale n'zoti mwini nyumba wosamala angathe kuzikonza yekha, ndipo ndi bwino kuti azikonze msanga. Koma anthu a ku Mwanza amadziwa tanthauzo la malire: pali poti munthu n'kuyenda momasuka, palinso poti sadutsapo mwachisawawa. Ntchito imeneyi ili ndi malire awiri. Oyamba ndi chivundikiro cha thanki, chifukwa kunsi kwake kuli mpweya wakupha. Achiwiri ndi mpanda wa puloti, chifukwa zotuluka m'thanki zikaudutsa zimasanduka matenda a mudzi wonse. Vuto lenileni ndi lakuti mabanja ambiri akudutsa malire amenewa chifukwa chosowa njira ina.

Chimene chikukankhira anthu ku ntchitoyi

Mwanza ndi boma laling'ono. Kalembera wa mu 2018 adapezamo anthu pafupifupi 131,000. Komabe tauni yake imalandira anthu ochuluka kuposa kukula kwake, chifukwa ili pa msewu wa M6, umene umapatuka pa Zalewa n'kukafika kumalire, moyang'anizana ndi Zobue. Kuchokera pamenepo magalimoto amadutsa ku Tete polowera ku Zimbabwe, ku South Africa ndi ku doko la Beira. Madalaivala a mathiraki odikira mapepala, amalonda odutsa malire ndi apaulendo a mabasi a ku Joni, onsewa amafuna pogona, posamba ndi podzithandizira. Nyumba imene idamangidwira banja limodzi ikasanduka malo ogona alendo, kapena kuseri kwake kukamangidwa mdadada wa zipinda za lendi, thanki sikula nawo. Imene idayezedwera anthu 6 imayamba kusenza katundu wa anthu 30.

Chachiwiri ndi ndalama. Mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya simenti, zitsulo, mapaipi ndi mafuta a galimoto idakwera motsatira. Galimoto yopopa zimbudzi ikachokera ku Blantyre imayenda makilomita pafupifupi 100 pobwera ndi enanso 100 pobwerera, ndipo mafuta onsewo amalipira ndi woiitana. Poyerekeza ndi zimenezi, anyamata awiri a zidebe amaoneka otchipa kwambiri.

Chachitatu ndi ndondomeko za boma. Ndondomeko ya ukhondo ya dziko lino ya mu 2008, pamodzi ndi njira yolimbikitsa midzi kusiya kudzithandizira patchire, imene idayamba kufala m'chaka chomwecho, zidaika udindo wa chimbudzi cha pakhomo m'manja mwa banja. Njirayi idathandiza kwambiri kuti zimbudzi zichuluke. Koma mphamvu zambiri zidapita pa kumanga, ndipo zochepa zokha pa funso loti chimbudzicho chikadzaza kapena chikakalamba zidzatani. Mapaipi a boma a zonyansa amapezeka m'madera ena okha a mizinda monga Blantyre, Lilongwe ndi Zomba. Kwina konseku banja lililonse lili ngati khonsolo payokha.

Thanki siyeretsa madzi

Anthu ambiri amaganiza kuti thanki imameza zonyansa mpaka kalekale. Si choncho. Luso limeneli lidayambira ku France, komwe Jean-Louis Mouras adalilembetsa mu 1881, ndipo kagwiridwe kake ka ntchito sikadasinthe kwenikweni. Thanki ndi bokosi losatulutsa madzi, kawirikawiri la zipinda ziwiri, choyamba chachikulu kuwirikiza kawiri chinzake. Zochokera m'chimbudzi zikalowa, zimayenera kudekha kwa tsiku lathunthu kapena kuposerapo. Zolemera zimamira n'kukhala matope pansi, mafuta ndi zopepuka zimayandama pamwamba, ndipo pakati pamatsala madzi otuwa. Tizilombo tosaoneka ndi maso, tomwe timakhala mopanda mpweya wabwino, timaoletsa matopewo n'kuwachepetsa, koma sitiwamaliza. Chaka ndi chaka matope amakwera.

Polowera ndi potulukira pa thanki pamakhala mapaipi opindikira pansi, ooneka ngati chilembo cha T. Ntchito yake ndi yoonetsetsa kuti madzi apakati okha ndiwo akutuluka, osati zoyandama kapena matope. Madziwo amapita ku dzenje lodzaza miyala, limene amisiri amalitcha sokawe, komwe amalowerera m'nthaka pang'onopang'ono. Apa m'pofunika kumvetsa: madzi otuluka m'thanki amakhala akadali ndi tizilombo ta kolera, taifodi ndi kamwazi. Chimene chimawasefa ndi dothi. Choncho thanki ndi theka chabe la ntchito, theka linalo ndi nthaka youma imene ili pakati pa sokawe ndi madzi a pansi.

Thanki yakale imaonongeka m'njira zodziwika. Mpweya wa m'kati mwake ukakumana ndi chinyezi umapanga asidi amene amadya simenti ya kunsi kwa silabu, zitsulo n'kuchita dzimbiri. Mapaipi a T amathyoka n'kugwera m'kati. Mizu ya mitengo imalowa m'malumikizidwe a mapaipi. Ming'alu imalowetsa madzi a mvula. Ndipo thanki ikakhala zaka zambiri osapopedwa, matope amasefukira mu sokawe n'kutseka timipata ta dothi, madzi n'kuyamba kutumphukira pabwalo.

Zimene mwini nyumba angachite yekha

Ntchito yoyamba ndi kufufuza chimene chavuta musanagule chilichonse. Ngati chimbudzi chikubweza koma madzi a m'thanki ali pa mlingo wake, kunsi pang'ono kwa paipi yolowetsa, ndiye kuti chatsekeka ndi paipi ya pakati pa nyumba ndi thanki. Imeneyo imatsegulidwa ndi waya wolimba kapena ndodo zolumikiza, kudzera pa timabokosi toyendera mapaipi. Ngati madzi akwera mpaka kumiza paipi yotulutsa, vuto lili potulukira kapena mu sokawe. Ngati madzi ali pansi kwambiri pomwe nyumba ikugwiritsidwa ntchito masiku onse, thankiyo ikudontha, ndipo zonyansa zikulowa m'nthaka zosadekha.

Kuyeza matope sikulira ndalama. Mumakulunga nsalu yakale yoyera ku nsungwi yaitali, n'kuitsitsa mpaka pansi mutaima panja, kenaka n'kuizula pang'onopang'ono. Matope amasiya chizindikiro chakuda pa nsaluyo. Akafika gawo limodzi mwa magawo atatu a kuya kwa madzi, nthawi yopopa yakwana. Pa banja wamba zimenezi zimachitika pakapita zaka ziwiri mpaka zisanu, koma pa malo ogona alendo zimafulumira kwambiri.

Zinanso zotheka munthu ali pamtunda n'zambiri ndithu. Paipi yosweka ya mamilimita 110 imakumbidwa n'kusinthidwa, bola iyalidwe motsetsereka bwino, kutsika mita imodzi pa mamita 40 alionse. Ikatsetsereka pang'ono kwambiri zolimba zimaima panjira. Paipi ya T yothyoka ingabwezeretsedwe ngati dzanja likufikapo kuchokera pa chibowo cha pamwamba. Paipi yotulutsa mpweya iyenera kupitirira denga ndi kuvalitsidwa kansefa kotchinga ntchentche ndi udzudzu. Madzi a padenga ndi a pabwalo apatutsidwe ndi ngalande kuti asalowe m'thanki kapena mu sokawe, chifukwa mvula ya tsiku limodzi ingadzaze thanki n'kukokolola matope onse. Mitengo ya mizu yaitali isadzalidwe pafupi.

Chivundikiro chatsopano chimaumbidwira pansi, pambali, osati pamwamba pa dzenje. Muyezo wodziwika ndi gawo limodzi la simenti, awiri a mchenga wa kumtsinje ndi anayi a miyala ya kwale, muli zitsulo m'kati. Chikaumbidwa chizithiridwa madzi kwa masiku osachepera asanu ndi awiri chisananyamulidwe. Kuchepetsa simenti pofuna kupulumutsa ndalama ndi kutchera ana msampha, pakuti iwo ndiwo amasewera kuseri kwa nyumba.

Sokawe imene yafa sidzukanso. Chanzeru ndi kukumba ina pa malo atsopano, patali ndi maziko a nyumba. Musanakumbe, yesani dothi: kumbani kadzenje, kadzazeni madzi kangapo, muone ngati akulowerera. Mukawapeza ali pomwepo m'mawa mwake, dothilo ndi lamakande, ndipo dzenje lakuya silithandiza. Pamenepo zimene zimagwira ntchito ndi ngalande zazitali zosazama, zoyalidwa miyala ndi paipi yobooledwa, zokwiriridwa ndi dothi pamwamba.

Pali zina zimene anthu amalangizana koma zimaononga. Kuthira palafini, oyilo wakale wa galimoto, asidi kapena mankhwala ambiri ophera tizilombo kumapha tizilombo tothandiza tija, ndipo poizoniyo amakathera m'madzi a pansi. Mankhwala ogulitsidwa ndi lonjezo lakuti amasungunula zonse sachotsa mchenga, mapulasitiki, matewera otaya, nsanza ndi zisononkho, zimene kawirikawiri ndizo zimadzaza thanki. Koma choopsa koposa ndi kuboola pansi pa thanki kuti isamadzaze. Mwini nyumba amaona ngati wapeza nzeru, pomwe wasandutsa thanki yake kukhala ngalande yolunjika ku zitsime za anzake.

Malire oyamba: osalowa m'thanki

Makolo adati tsoka silinunkha, ndipo pa nkhani iyi mwambiwu ndi woona ndendende. Zonyansa zikamaola zimatulutsa mipweya ingapo. Wina ndi methane, amene amayaka ndi kuphulika, n'chifukwa chake machesi, nyali ya palafini kapena ndudu siziyenera kuyandikira thanki yotsegula. Wina ndi hydrogen sulphide. Ukakhala wochepa umanunkha ngati dzira loola, koma ukachuluka umapha mphamvu ya mphuno, munthu n'kuganiza kuti fungo latha. Ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma, choncho umakhazikika pansi, ndipo umatuluka wambiri pamene munthu wavundula matope ndi fosholo. Pamene wachulukitsa, kupuma kamodzi kapena kawiri n'kokwanira kuti munthu akomoke. Komanso m'thanki mpweya wopatsa moyo umakhala wochepa. Nsalu yomanga pamphuno kapena masiki ya kuchipatala siziteteza ku zimenezi.

M'maiko ambiri ngozi zotere zimatsata njira imodzi. Woyamba amakomoka, wachiwiri amatsika kukamupulumutsa, nayenso amagwa, mwinanso wachitatu. Banja limodzi limataya anthu angapo m'mphindi zochepa chifukwa cha chikondi chopanda chidziwitso. Munthu akagwera m'thanki, otsala aitane thandizo, atsegule zivundikiro zonse ndipo ayese kumukoka ali panja. Thanki imene yangopopedwa kumene ndi yoopsabe, chifukwa makoma ndi matope otsalira amapitiriza kutulutsa mpweya. N'chifukwa chake kumata ming'alu ya m'kati si ntchito ya mwini nyumba. Imafuna amisiri odziwa, okhala ndi chopemerera mpweya, chingwe chomangira m'thupi ndi anthu owayang'anira pamtunda.

Apa pali nkhani ya chikumbumtima. Eni nyumba ambiri salowa okha m'thanki, amalowetsamo waganyu. Ntchitoyi imachitika usiku chifukwa cha manyazi, popanda majombo kapena magolovesi, ndipo ena amayamba amwa kachasu kuti apirire fungo, zimene zimawachititsa kulephera kuzindikira pamene mutu wayamba kuzungulira. Mu 2019 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, mabungwe a WHO, ILO ndi WaterAid adatulutsa lipoti losonyeza kuti ogwira ntchito imeneyi m'maiko osauka ali m'gulu la antchito osatetezedwa ndi onyozedwa kwambiri. Amene sangalole mwana wake kutsika m'thanki alibe ufulu wotsitsiramo mwana wa mnzake chifukwa chakuti ndi wosauka. Malipiro a ganyu sagula moyo.

Malire achiwiri: zonyansa zikupita kuti?

Thanki ikachotsedwa matope, funso limatsala ndi la kokawataya. Njira zachidule zimadziwika: kukhuthulira m'ngalande ya m'mbali mwa msewu, kutsegula paipi usiku mvula ikamagwa kuti madzi akokolole, kapena kukataya kudambo ndi kumtsinje. Pamenepo nkhani yasiya kukhala ya pakhomo. Mtsinje wa Mwanza umatsikira ku Chikwawa n'kukathira mu Shire, ndipo m'njira monsemo anthu amatungamo, kuchapa ndi kuthirira ndiwo zamasamba.

Dziko lino lidaona kale mathero a zimenezi. Mliri wa kolera wa mu 2001 ndi 2002 udagwira anthu oposa 33,000. Umene udayamba ku Machinga mu Malichi 2022, pambuyo pa namondwe wa Ana, udaposa yonse m'mbiri ya Malawi: udafika m'maboma onse, anthu oposa 58,000 adadwala ndipo oposa 1,700 adamwalira. Pa 5 Disembala 2022 Lazarus Chakwera, yemwe adali mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, adalengeza kuti mliriwo ndi ngozi ya zaumoyo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa nyumba ndi zimbudzi zambiri m'chigawo cha kummwera, ndipo Mwanza lidali limodzi mwa maboma amene adalengezedwa kuti agweredwa ngozi.

Boma la m'malire lili ndi chiopsezo choonjezera. Mu 2015, matenda a kolera atabuka ku Tete, maboma a Nsanje, Chikwawa ndi Mwanza adalandiranso odwala. Mu 2009 matenda a taifodi adagwira anthu pafupifupi 300 m'midzi ya ku Neno, lomwe lidali gawo la Mwanza kufikira mu 2003, ndi ya tsidya lina la malire. Tizilombo sitidinditsa pasipoti. Mlendo mmodzi wodwala akagona usiku umodzi pa malo amene thanki yake ikudontha, zimene wasiya zingafike pa chitsime cha anthu amene sadamuonepo.

Akatswiri a zaukhondo amalangiza kuti sokawe kapena dzenje la chimbudzi likhale pa mtunda wa mamita osachepera 30 kuchokera pa chitsime kapena mjigo, kumunsi kwake osati kumtunda, ndiponso kuti pansi pake pakhale mita imodzi ndi theka pamwamba pa madzi a pansi, poyeza m'nyengo ya dzinja pamene madziwo akwera. M'tauni momwe mapuloti ndi ang'onoang'ono, mamita 30 amakafika pakhomo lachiwiri kapena lachitatu. Choncho munthu sangasankhe yekha pokumba sokawe popanda kudziwa pamene pali zitsime za oyandikana nawo. Ndiponso mipopi ikauma, mabanja omwewo amabwerera ku zitsimezo.

Kwa amene ali ndi malo okwanira, kunja kwa tauni, njira yochepetsa ngozi ndi kukwirira. Pamakumbidwa ngalande patali ndi madzi, m'nyengo ya chilimwe, matope n'kuthiridwamo ndi kufotseredwa ndi dothi lochindikala tsiku lomwelo. Mazira a njoka za m'mimba amakhala ndi moyo nthawi yaitali m'dothi lachinyezi, choncho malowo asakumbidwe kwa zaka ziwiri ndipo asadzalidwe ndiwo zamasamba kapena mbatata. Mitengo ndiyo imayenera pamenepo. Ku boma lotchuka ndi manachesi ngati Mwanza, iyi si nzeru yachilendo: njira ya chimbudzi chosazama chimene chikadzaza pamadzalidwa mtengo wa zipatso, imene Peter Morgan adaifalitsa kuchokera ku Zimbabwe, idafika kale m'maboma ena a Malawi. Koma wokhala pakati pa tauni alibe malo otere, ndipo apa ndi pamene boma liyenera kuonekera.

Kuletsa kokha sikukwanira

Wina angathe kunena kuti malangizo onsewa ndi a anthu a ndalama, ndipo angakhale akunena zoona. Kuuza mayi amene chimbudzi chake chikusefukira kuti asaitane anyamata a zidebe, osamuuza woti amuitane, ndi kungotaya mawu. Malamulo alipo. Lamulo la zaumoyo wa anthu la mu 1948 limapatsa makhonsolo mphamvu yolamula mwini malo kuchotsa chonyansa chimene chikuika anthu pangozi, ndipo lamulo la maboma aang'ono la mu 1998 limawalola kupanga malamulo awoawo. Koma chindapusa chopanda njira ina chimangochititsa kuti ntchitoyi izichitika usiku kwambiri.

Zimene zidayesedwa kwina zikuonetsa kuti njira yapakati ilipo. Ku Blantyre bungwe la Water For People lidathandiza amalonda ang'onoang'ono kuyamba bizinesi yopopa zimbudzi pogwiritsa ntchito pampu yamanja yotchedwa Gulper. Pampuyi ndi paipi yaitali imene imatsitsidwa m'dzenje, wopopa ali pamtunda, matope n'kumathiridwa m'migolo yotsekeka imene imanyamulidwa pa galimoto yaing'ono kupita ku malo oyeretsera zonyansa a khonsolo. Imafika m'tinjira momwe galimoto yaikulu singalowe, ndipo amisiri a zowotcherera angathe kuipanga konkuno. Ku Mzuzu nakonso akatswiri a pa yunivesite akhala akufufuza za kapopedwe ka zimbudzi m'madera a anthu opeza zochepa. Phunziro lobwerezabwereza ndi limodzi: bizinesi yotere imayenda pokhapokha kotayira kuli pafupi ndiponso kotsika mtengo. Kukakhala kutali, migolo imakhuthulidwa patchire loyamba.

Malo otayira sayenera kukhala fakitale. Maiwe ochepa oumitsira matope, oyalidwa mchenga ndi miyala, otchingidwa ndi mpanda, okhala ndi msewu wopitika m'dzinja ndiponso munthu wowayang'anira, ndi okwanira tauni ya msinkhu wa Mwanza. Ndalama zake si zochepa, koma kusachita kanthu nakonso kuli ndi mtengo. Kafukufuku wa Banki Yaikulu ya Dziko Lonse wa mu 2012 adaonetsa kuti Malawi ankataya K8.8 biliyoni pa chaka, zomwe pa nthawiyo zidali madola 57 miliyoni a ku America, chifukwa cha kuperewera kwa ukhondo. Ndalama zimenezi zimathera pa imfa zosayembekezeka, mankhwala ndi masiku otayika pa ntchito. Zolinga za chitukuko za maiko onse zofika mu 2030 sizingowerenga zimbudzi, zimafunsanso ngati zotulukamo zikutayidwa mosamala.

Aliyense ali ndi gawo lake

Khonsolo ya boma ndiyo iyenera kutsogolera, poonetsetsa kuti pali malo otayira odziwika kwa aliyense, polembetsa ndi kuphunzitsa opopa m'malo mowathamangitsa, ndiponso poyendera mathanki a malo ogona alendo, odyera ndi omwera isanapereke ziphaso za malonda. Tauni imene imadyerera anthu odutsa iyenera kubwezera gawo la phindulo ku ukhondo. Alangizi a zaumoyo, amene amayenda kale khomo ndi khomo, angathe kuonjezera pa ntchito yawo mafunso awiri: thanki iyi idapopedwa liti, ndipo sokawe ili pa mtunda wotani kuchokera pa chitsime? Mafumu a m'madera a Kanduku ndi Nthache, pamene akuona za malo omangapo nyumba, ali ndi mawu pa nkhani ya pokumba zitsime ndi zimbudzi. Bungwe la TEVETA ndi sukulu za ntchito zamanja zili ndi mwayi wosula achinyamata odziwa ntchitoyi, amene angapezenso chochita popanda kuwoloka malire kukafuna ganyu.

Mabanja nawo asadikire. Mutu umodzi susenza denga: makomo asanu kapena khumi oyandikana akagwirizana kupopa sabata imodzi, mtengo wobweretsera galimoto umagawanika. Mabanki a m'mudzi, miphakati ndi makomiti a chitukuko ndi malo oyenera kukambirana zotere popanda manyazi, pakuti mbewa ya manyazi idafera kuuna. Eni nyumba za lendi aziika padera kangachepe mwezi ndi mwezi, m'malo mokankhira vutoli kwa okhala m'nyumbazo tsiku limene lafika. Sukulu, zipatala ndi nyumba za mishoni, zimene zambiri mathanki ake ndi akale kwambiri, zipereke chitsanzo.

Pali nthawi imene thanki yakalamba kopitirira kukonza, makoma apendekera ndipo silabu yafumbutuka. Pamenepo kuthirapo simenti ndi kutaya ndalama. Ipopedwe, silabu igumulidwe anthu ali pambali, dzenjelo likwiriridwe ndi dothi ndi miyala kuti lisadzameze munthu. Ngati ndalama zomangira ina palibe, chimbudzi chokumba chokhala ndi silabu yolimba ndi paipi yotulutsa mpweya, chomangidwa patali ndi chitsime, n'chabwino kuposa chimbudzi chogujumula chimene chikuthira zonyansa pabwalo. Si kubwerera m'mbuyo, makamaka kumene madzi a m'mipopi amadukiza.

Nthawi yabwino ya ntchito zonsezi ndi chilimwe, pamene nthaka ili youma ndipo madzi a pansi atsika. Tsiku loganizira za zimbudzi pa dziko lonse limakhala pa 19 Novembala, pamene kuno mvula yoyamba imakhala ili pakhomo. Kwa banja la ku Mwanza tsikuli liyenera kupeza matope atayezedwa, zivundikiro zitakonzedwa ndi ngalande zitalambulidwa. Zapamtunda mwini nyumba akonze ndi manja ake. M'kati mwa thanki musalowe munthu, ndipo za kunja kwa mpanda tiyankhe tonse pamodzi ndi khonsolo yathu.